Mlendo wa ku Kabwe Amene Anagona ku Matero

Godfrey Chitalu sanali mwana wa Lusaka. Anabadwira ku Luanshya, anatchukira ku Kitwe, ndipo zaka zake zamoto anathera ku Kabwe, m'timu ya anthu a njanji. Palibe timu ya mu likulu imene anaisewerera. Akafika mu Lusaka ndi Kabwe Warriors ankafika ngati mdani, kudzaliza ochemerera City of Lusaka, Lusaka Tigers ndi Green Buffaloes pakhomo pawo pomwe. Koma lero khalani pansi ndi madala a ku Matero, ku George kapena ku Kanyama, muyambitse nkhani ya bola yakale. Dzina loyamba kutuluka ndi lake, ndipo salitchula mopanda ulemu: amati ba Ucar. Munthu amene ankawapweteka mtima timu zawo zikakumana naye ndi yemwe anasanduka wawo. Kuti zimenezi zimveke tiyambe ndi malowo, pakuti mbiri ya Chitalu mu Lusaka ndi mbiri ya anthu amene ankamuonera.

Makomboni ndi bwalo lawo

Atsamunda posamutsa likulu la Northern Rhodesia kuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, anajambula mzinda wa misewu yotakata ndi mitengo yamthunzi, mzinda wa azungu ndi maofesi a boma. Munthu wakuda ankamuwerengera ngati wantchito wongodutsa, woti akakalamba abwerere kumudzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 khonsolo inamanga Matero, tinyumba tofanana tondandalikidwa m'mizere, ta antchito olembedwa m'mabuku. Koma obwera anali ambiri kuposa nyumbazo. Otsalawo anamanga okha ndi njerwa zadothi ndi malata akale, pa minda ya eni mafamu, pa malo a makontirakitala ndi m'mbali mwa maenje okumbamo miyala. Umu ndi momwe George, Kanyama, Chawama ndi Kalingalinga anakulira.

Ufulu utabwera mu 1964, malamulo otchinga anthu kulowa m'tauni anatha, ndipo khamu linasefukira. Achewa, Ansenga, Angoni ndi Atumbuka ochokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, pamodzi ndi ena ochokera ku Malawi, anakumana ndi Abemba, Atonga ndi Alozi pa nthaka ya Asoli ndi Alenje. Chinyanja ndicho chinawalumikiza pamsika, pampopi ndi m'basi. Mtendere inatsegulidwa mu 1967 pofuna kupatsa anthu mapuloti ovomerezeka, ndipo mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni amene kale ankatchedwa osaloledwa. Pambuyo pake mipopi ya anthu onse ndi misewu yagiravulo zinayamba kulowa mu George ndi mu Chawama.

Pa nkhani ya mpira, makomboni amenewa anali amphawi powayerekeza ndi ku migodi. Ku Copperbelt makampani a mkuwa ankamanga mabwalo, nyumba zochezera achinyamata ndi makalabu, n'kulemba ntchito anthu oyang'anira masewero. Mwana wa ku Mufulira, ku Luanshya kapena ku Kitwe ankakula akuona mpira wachikopa, nsapato ndi mphunzitsi. Mwana wa ku Kanyama ankakula ndi chimpombwa, mpira womanga yekha ndi nsanza, mapepala ndi zingwe, akusewera wopanda nsapato pa fumbi, magolo ake ali miyala iwiri. N'chifukwa chake akatswiri ambiri a timu ya dziko m'zaka zimenezo ankachokera kumpoto, m'mbali mwa njanji.

Komabe Lusaka inali ndi chinthu chimodzi chachikulu. Independence Stadium inamangidwa mu 1964 m'mphepete mwa Matero, pafupi ndi Great North Road. Ndi pamenepo pomwe mbendera ya Britain inatsika ndipo ya Zambia inakwera, usiku wolowa pa 24 Okutobala 1964. Bwalo la dziko silinamangidwe ku Kabulonga kapena ku Woodlands. Linakhala pakati pa anthu wamba. Wa ku Matero, ku George, ku Lilanda, ku Chaisa ndi ku Mandevu ankangoyenda wapansi. Wa ku Chawama, ku Kanyama, ku Kalingalinga ndi ku Mtendere ankakwera basi ya UBZ, ndalama ikavuta n'kuyendanso wapansi, kudutsa tauni yonse. Akuluakulu a boma ankakhala kumthunzi, ku grandstand. Anthu a m'makomboni ankadzaza ku open wing, padzuwa, kuyambira m'mawa, ndipo phokoso limene linkanjenjemeretsa alendo linkachokera kumeneko.

Mnyamata wa ku Mikomfwa

Chitalu anabadwa pa 22 Okutobala 1947 ndipo anakulira ku Mikomfwa, komboni ya ku Luanshya. Ali mnyamata ankakondanso nkhonya, ndipo mtima wa wankhonya sunamuchoke m'bwalo la mpira. Atasamukira ku Kitwe analowa mu Kitwe United asanakwanitse zaka 20. Amene anamuona nthawi imeneyo amakumbukira mnyamata wamphamvu, waliwiro, wosaopa kulowa pakati pa miyendo ya otchinga kumbuyo, komanso wapsemtima. Oyimbira mpira anamutulutsapo m'bwalo kangapo, ndipo akuluakulu a mpira ankamudzudzula pa khalidwe. Koma zigoli zinkamulankhulira. Mu 1968 anamwetsa zigoli 81 ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa chaka. M'chaka chomwecho, mwezi wa Juni, anavala koyamba yunifolomu ya timu ya dziko pa masewero ndi Uganda mu Lusaka, amene Zambia inapambana 2-1. Pamenepo ndi pomwe chibale chake ndi anthu a ku open wing chinayambira.

Mu 1971 anasamukira ku Kabwe Warriors, timu ya kampani ya Zambia Railways. Tisaiwale kuti wosewera mpira wa masiku amenewo sanali wolemera. Matimu akuluakulu anali a migodi, a njanji, a asilikali ndi a makampani a boma, ndipo wosewera ankalembedwa ntchito pakampanipo. Malipiro ake enieni ankachokera ku ntchitoyo, mpira n'kukhala udindo wowonjezera umene unkamupatsa ulemu ndi kangachepe kapamwamba. Chitalu anali wantchito wa njanji. Kalaliki wa ku Matero, womanga nyumba wa ku George ndi mlonda wa ku Chawama ankaona mwa iye munthu wa mtundu wawo, wodzuka m'mawa kupita ku ntchito, wodikira kutha kwa mwezi ngati iwo omwe, koma wokhala ndi mphatso imene dziko lonse linkaiimirira.

Dzina lakuti Ucar linachokera ku mabatire a kampani ya Union Carbide, amene ankatchuka kuti sakutha msanga. M'makomboni opanda magetsi batire sinali nkhani yaing'ono. Wailesi ndiyo inali khomo la nyumba lotulukira kudziko, ndipo tsiku la masewero akulu bambo ankaonetsetsa kuti mabatire alipo, ofooka n'kuwayanika padzuwa kuti atsitsimuke. Mawu amene ankatuluka m'wailesiyo anali a Dennis Liwewe, mwana wobadwira ku Malawi amene anadzakhala liwu la mpira wa Zambia, yemwenso anatchukitsa dzina la timu ya dziko lakuti KK Eleven polemekeza Pulezidenti Kenneth Kaunda. Anthu ambiri amene amalumbira lero kuti anaona zigoli za Chitalu anaziona ndi makutu, atazungulira wailesi imodzi pakhonde kapena pa thaveni, Liwewe akukuwa mpaka mawu kusasa.

Chaka cha 1972

Chaka chimene Zambia inalowa mu ulamuliro wa chipani chimodzi ndi chomwecho chimene Chitalu anachita zimene mpaka lero anthu akunja amavutika kukhulupirira. Chinayamba ndi mpikisano wa akatswiri a makalabu a mu Africa. Warriors inakumana ndi Majantja ya ku Lesotho. Ku Maseru anafanana mphamvu 2-2, zigoli zonse ziwiri za Warriors zili za Chitalu. Pobwereza ku Ndola, Warriors inapambana 9-0, iye yekha n'kumwetsa zisanu ndi ziwiri. Zigoli zisanu ndi zinayizi sizinalowe m'chiwerengero cha chaka chifukwa nyengo ya mpira wa m'dziko inali isanatsegulidwe.

Nyengoyo itatsegulidwa, Warriors inasesa zonse: ligi, Charity Shield, Castle Cup, Challenge Cup ndi Chibuku Cup. Chitalu sanali yekha. Anali ndi anzake monga Boniface Simutowe, Sandy Kaposa ndi Richard Stephenson, amene ankadziwa kumupezera mpata. Pakutha pa chaka zigoli zake zinakwana 107. Si zonse zinali za mu ligi. Chiwerengerochi chinaphatikiza za m'zikho, za timu ya dziko ndi za masewero ena apadera. Koma chilichonse chinalowa muukonde pamaso pa anthu, ndipo manyuzipepala a nthawiyo ankaziwerengera sabata ndi sabata. Chithunzi chake chilipo, atanyamula mpira wolembedwa dzina lake ndi nambala 107. M'chaka chomwecho ku Germany, Gerd Müller anamwetsa zigoli 85, ndipo dziko lonse linalemba kuti palibe wina anachitapo zotere.

Kwa anthu a mu Lusaka chaka chimenecho chinali cha mitima iwiri. Amene ankachemerera City of Lusaka, Ya Moto, akatswiri a ligi a 1964, ndi amene ankatsata Tigers ya ku Matero, ankadziwa kuti Warriors ikabwera kunyumba kulira. Koma ankapitabe, ndipo ankapita ambiri. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ankamutukwana mphindi 90, masewero akatha n'kumuthamangira kuti amuone pafupi. Mawa lake pa fumbi la ku Kalingalinga mwana aliyense womenya chimpombwa pakati pa miyala iwiri ankadzitcha Ucar.

Kukwera, kutayidwa ndi kubwerera

M'timu ya dziko njira yake sinali yosalala. Mphunzitsi wa ku Yugoslavia, Ante Buselic, amene anamanga timu yoyamba ya Zambia yoopsa mu Africa, ankafuna mwambo ndi mpira wopatsirana, ndipo iye ndi Chitalu sankamvana nthawi zonse. Mu Malichi 1974 Zambia inapita koyamba ku mpikisano wa chikho cha mayiko a mu Africa ku Egypt, kaputeni ali Dickson Makwaza. Chitalu anamwetsa chigoli pamene Zambia inagonja 3-1 kwa eni bwalo. Timuyo inagonjetsa Ivory Coast ndi Uganda, kenako Congo 4-2 mu ndime yachiwiri kwa yomaliza, Bernard Chanda atamwetsa zitatu. Mu ndime yomaliza ku Cairo inafanana mphamvu ndi Zaire 2-2, ndipo pobwereza patapita masiku awiri inagonja 2-0, zigoli zonse za Zaire m'masewero awiriwo zili za Ndaye Mulamba. Ngakhale chikho sichinabwere, anyamatawo analandiridwa ngati ngwazi.

Pambuyo pake Chitalu anakhala nthawi yaitali osaitanidwa. Ambiri anaganiza kuti zake zatha, makamaka poona kuti mphamvu za mpira zinali zitasamukira ku Lusaka, kumene Green Buffaloes, timu ya asilikali, inatenga ligi mu 1973, 1974 ndi 1975. Koma Buselic atachoka, Chitalu anaitanidwanso mu 1977, ndipo anabwerera ali munthu wina: wofatsa, wodziwa kudikira mpata, wolangiza achinyamata. Mnyamata amene oyimbira ankamuopa chifukwa cha mkwiyo anasanduka mkulu wa m'bwalo. Anasankhidwanso kukhala wosewera wopambana wa chaka mu 1978 ndi mu 1979, kuwonjezera pa 1968, 1970 ndi 1972. Kasanu konse.

A ku Malawi ali ndi chifukwa chawo chomukumbukira. Mu 1978 mpikisano wa mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa unachitikira ku Malawi, ndipo Chitalu anamwetsa zigoli 11 mu mpikisano umodziwo. Koma mu ndime yomaliza Malawi ya Kinnah Phiri inagonjetsa Zambia 3-2 n'kutenga chikho koyamba. M'nyumba zambiri za ku Chawama ndi ku Mtendere, mmene bambo anali wa ku Mchinji kapena ku Dedza ndipo ana anabadwira mu Lusaka, wailesi imodzi inagawa banja pawiri tsiku limenelo.

Zaka zimenezo zinali zowawa mu Lusaka. Malire ndi Rhodesia anali atatsekedwa mu 1973, mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo mizere ya unga, saladi, sopo ndi shuga inasanduka moyo wa tsiku ndi tsiku. Mu 1978 madzi osefukira anagwetsa nyumba ku Kanyama, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho ndege za asilikali a Ian Smith wa ku Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi, kumpoto kwa mzinda. Mkati mwa zonsezo, masana amodzi ku Independence Stadium ankabwezera munthu ulemu wake. Amene wakhala pa mzere wa unga kuyambira mbandakucha ankatha kuimirira ku open wing n'kuona dziko lake likugonjetsa dziko lina. Chitalu ndi amene kawirikawiri ankamaliza ntchitoyo.

Mu 1980, ali ndi zaka 32, anapita ku masewero a Olympic ku Moscow ndipo anamwetsa chigoli pamene Zambia inagonja 3-1 kwa Soviet Union. Anasiyira timu ya dziko zigoli 79, chiwerengero chimene palibe Mzambia wina wachifikapo. Anapachika nsapato mu 1982.

M'badwo umene unatsatira

Amene anakula akumumvera pa wailesi ndiwo anatsegula makomo amene iye sanalowemo. Kalusha Bwalya anapita ku Cercle Brugge ku Belgium mu 1985, Charles Musonda n'kutsatira. Pa 19 Seputembala 1988, ku masewero a Olympic a ku South Korea, Zambia inakwapula Italy 4-0, Kalusha atamwetsa zitatu. M'timu imeneyo munali Derby Makinka wa Profund Warriors, timu ya mu Lusaka, amene chaka chotsatira anapita ndi Wisdom Chansa ndi Pearson Mwanza kukasewera ku Pamir Dushanbe mu ligi ya Soviet Union. Mpira unali utayamba kukhala ntchito yodyetsa munthu payokha, ndipo mwana wa m'komboni anayamba kulota za ndege.

Koma pamene osewera ankakwera, chuma cha dziko chinkatsika. Mu Juni 1990 kukwera mtengo kwa unga kunabutsa zipolowe mu Lusaka, ndipo anthu anafa. Mu Okutobala 1991 a Kaunda anagonja pa chisankho kwa a Frederick Chiluba. Makampani a boma amene ankasunga matimu anayamba kufooka, ndipo bungwe la mpira la FAZ linkasowa ndalama zolipirira maulendo a timu ya dziko. Njira yotsika mtengo inali kubwereka ndege ya asilikali a m'mlengalenga.

Chitalu anali atabwerera m'bwalo ngati mphunzitsi wa Kabwe Warriors. Zambia itagonja ku Madagascar mu Disembala 1992, anapatsidwa timu ya dziko, womuthandiza ali Alex Chola, katswiri mnzake wa zaka za m'ma 1970. Mu Febuluwale 1993, pa Independence Stadium, timu yake inabwezera Madagascar 3-1 n'kupitirira pa ulendo wofuna malo ku World Cup ya 1994. Anthu a ku open wing, amene tsopano anali ndi imvi, anaona munthu amene ankamuchemerera ali mnyamata atakhala pa benchi akutsogolera ana awo. Ambiri ankakhulupirira kuti timu imeneyo ifika ku America, kumene mpikisanowo unkayenera kuchitikira.

Epulo 1993

Pa 25 Epulo Zambia inagonjetsa Mauritius 3-0 ku Port Louis, Kelvin Mutale atamwetsa zonse zitatu. Pa 27 Epulo timuyo inanyamuka mu Lusaka pa ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo, kupita ku Dakar kukakumana ndi Senegal. Inaima ku Brazzaville, kenako ku Libreville. Itangonyamuka ku Libreville usiku, inagwera m'nyanja ya Atlantic pafupi ndi gombe la Gabon. Anthu onse 30 anafa: osewera 18, aphunzitsi, akuluakulu a mpira kuphatikizapo wapampando wa FAZ Michael Mwape, mtolankhani ndi oyendetsa ndege. Chitalu anali ndi zaka 45.

Mayina a osewerawo ayenera kutchulidwa onse: Efford Chabala, Richard Mwanza, John Soko, Whiteson Changwe, Robert Watiyakeni, Samuel Chomba, Kenan Simambe, Winter Mumba, Eston Mulenga, Derby Makinka, Wisdom Chansa, Moses Chikwalakwala, Numba Mwila, Godfrey Kangwa, Moses Masuwa, Timothy Mwitwa, Kelvin Mutale ndi Patrick Banda. Kalusha anapulumuka chifukwa ankayenera kuchokera ku Netherlands, kumene ankasewerera PSV, kukakumana ndi anzake ku Dakar.

Uthenga unafika m'makomboni m'mawa wa pa 28 Epulo kudzera pa wailesi yomwe ija. Misika inazizira. Kumayambiriro kwa Meyi mitembo itafika, anthu anaima m'mbali mwa msewu kuchokera ku bwalo la ndege mpaka ku Independence Stadium, amayi atamanga zitenje ndi maduku ngati pa maliro a pakhomo pawo. Mabokosi 30 anandandalikidwa pa kapinga yemwe uja amene anyamatawo ankathamangapo. Kunalira amuna akuluakulu, kunaliranso Pulezidenti Chiluba. Onse anaikidwa pamodzi kunja kwa bwalolo, pamalo amene lero amatchedwa Heroes Acre. Chitalu sanabwerere ku Luanshya kapena ku Kabwe. Kwathu munthu amakhala wa kumene kuli manda ake, ndipo kuyambira tsiku limenelo anakhala wa ku Matero.

Patangopita miyezi iwiri, pa 4 Julayi 1993, timu yatsopano yotsogozedwa ndi Kalusha inagonjetsa Morocco 2-1 pa bwalo lomwelo, manda ali pafupi. Malo a ku World Cup anaphonyeka ku Casablanca mu Okutobala, koma mu 1994 timuyo inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Tunisia, n'kugonja 2-1 kwa Nigeria. Mabanja a omwalirawo anayenda m'makhoti zaka zambiri kufuna chipukuta misozi. Lipoti la boma la Gabon limene linamveka mu 2003 linati injini yakumanzere inawonongeka, ndipo woyendetsa, amene anali wotopa, anazimitsa injini yabwino. Mabanjawo akhala akupempha chaka ndi chaka kuti zonse zimene zinapezeka zitulutsidwe poyera.

Chaka chimene dziko linafunsa umboni

Mu 2012 dzina la Chitalu linadzuka kawiri. Pa 12 Febuluwale, mu mzinda womwe uja wa Libreville, Chipolopolo, timu ya dziko yophunzitsidwa ndi Hervé Renard, inagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8-7 n'kutenga chikho cha Africa koyamba. Osewerawo anali atapita kugombe kukaponya maluwa m'nyanja masewerowo asanachitike. Usiku umenewo Kanyama, Chawama ndi Matero sanagone.

Kenako mu Disembala, Lionel Messi anapitirira zigoli 85 za Müller n'kumaliza chaka ndi 91. Dziko lonse linalengeza mbiri yatsopano. M'makomboni a Lusaka madala anapukusa mitu, chifukwa iwo ankadziwa nambala ina. FAZ inadandaula, nkhani inafika m'manyuzipepala a ku Ulaya, koma FIFA inayankha kuti siisunga kaundula wa zigoli za m'mipikisano ya m'mayiko, choncho singatsimikize za Chitalu ngakhale za Messi. Kusiyana kwake kunali kwakuti chigoli chilichonse cha Messi chinali pa kanema, pomwe za Chitalu zinali m'manyuzipepala akale achikasu ndi m'mitu ya anthu okalamba. Zinatengera khama la wofufuza Jerry Muchimba, amene anakhala pansi ndi manyuzipepala a 1972 n'kulondola zigolizo masewero ndi masewero, kuti zimene madala ankanena zikhale ndi masiku ndi mayina a matimu. Bwalo la ku Kabwe lero limatchedwa ndi dzina la Chitalu.

Apa ndi pamene pali phunziro limene limandikhudza kwambiri. Kwa zaka 40 nambala 107 inasungidwa ndi anthu amene palibe anawafunsapo: opuma ntchito a ku Matero, ogulitsa pa tuntemba ku George, oyendetsa mabasi a ku Chawama, agogo amene ankaphika nsima msanga kuti banja limvere Liwewe. Anaisunga poiuza ana awo, ndipo itafika nthawi yoifufuza inapezeka yoona. Koma Chitalu anali ndi mwayi chifukwa anali wamkulu kwambiri moti sakanaiwalika. Nanga anyamata a Lusaka Tigers amene ankadzaza bwalo la Matero? Nanga amene anavala zakuda ndi zoyera za City ku Woodlands, kapena aphunzitsi a m'makomboni amene ankasonkhanitsa ana pa fumbi popanda malipiro? Ambiri a iwo anakalamba mwakachetechete, ena anamwalira ali osauka, ndipo zimene anachita zikupita nawo kumanda mmodzimmodzi.

Lero pambali pa bwalo lakale paima National Heroes Stadium, imene inatsegulidwa mu 2014 ndipo imalowa anthu pafupifupi 60,000. Mabwalo ambiri afumbi amene ana ankamenyerapo chimpombwa anagawidwa mapuloti, ndipo mnyamata wa ku Kalingalinga amadziwa osewera a ku England kuposa a dziko lake. Sitingamudzudzule, chifukwa palibe chimene tinamuikira m'manja. Amene anaona Chitalu ndi maso awo ku open wing tsopano apitirira zaka 60, ena 70, ndipo chaka chilichonse tikuika ena m'manda. Nyumba iliyonse m'komboni ili ndi foni yotha kujambula mawu. Mdzukulu akhale pansi ndi agogo ake, awafunse kuti ankalowera geti liti, tikiti inali ngwee zingati, ndani ankasewera kumanja kwa Ucar, ndani anali goloboyi wa Tigers. Masukulu a ku Matero ndi ku Chawama apatse ana ntchito yolemba mbiri ya matimu a m'dera lawo. Makalabu asonkhanitse zithunzi zimene zikudyedwa ndi chiswe m'masutikesi. Mu 2012 dziko linatifunsa umboni wa munthu mmodzi ndipo unapezeka movutikira. Lidzafunsanso za ena, ndipo tsiku limenelo madala odziwa sadzakhalapo kuti atiyankhire.